Kalata yotseguka: makompyuta a m'masukulu a m'chigwa cha Shire asatayidwe ali amoyo

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro,
Akuluakulu a zamaphunziro m'chigawo cha South West,
Mabwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje,
Aphungu onse a maboma awiriwa,
Akuluakulu a MACRA,

Mabwana ndi madona, ndagwada. Landirani moni wochokera kuno kuchigwa. Ulemu womwewo upite kwa mafumu athu, kuyambira kwa Mfumu Yaikulu Lundu kufikira kwa anyakwawa a m'midzi, poti ana omwe ndikuwanena m'kalata muno ndi awo.

Ine ndine mmisiri wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika wina wa m'mphepete mwa msewu waukulu wochokera ku Thabwa kupita ku Nsanje. Dzuwa likapendeka ndimaphunzitsako achinyamata ochepa kulemba mapulogalamu, pa makina omwe eni ake adawataya ine n'kuwadzutsa. Sindili m'chipani chilichonse, komanso sindigulitsa makompyuta atsopano, ndiye musati ndikudzitsatsira malonda. Ndalemba poyera dala, kuti makolo, aphunzitsi ndi makomiti a sukulu amve nawo.

Chandilembetsa n'chakuti m'miyezi yapitayi aphunzitsi aakulu a masekondale angapo, ena a ku Chikwawa ena a ku Nsanje, akhala akundifikira ndi pempho limodzimodzi. Akuti ndikaone makompyuta a pasukulu pawo, kenaka ndiwalembere kalata yoti makinawo adatha ntchito, kuti achotsedwe m'mabuku a katundu wa sukulu. Ndikafunsa chomwe chawonongeka, amati adamva kuti Windows 10 idatha, ndiye makina onse akale akhomeredwe podikira atsopano. Atsopanowo abwera liti, palibe akudziwa. Pakadali pano ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 omwe adasankha Computer Studies akukonzekera mayeso a MSCE chipinda cha makompyuta chili chokhoma. Makalata amenewo ndakana kulemba, chifukwa ambiri mwa makina omwe ndawatsegula ndi amoyo.

Choyamba, timvetsetsane pa chomwe chidachitika pa 14 Okutobala 2025. Tsikulo kampani ya Microsoft idasiya kutumiza ma update aulere otchinjiriza Windows 10 ku mavairasi ndi kwa akuba a pa intaneti. Basi. Palibe kompyuta yomwe idazima chifukwa cha tsikulo. Pomwe pali mfundo m'pakuti Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imakana kulowa m'makina opanda kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, kapena omwe purosesa yake ndi yakale kuposa za m'ma 2017 ndi 2018. Makina omwe ndawaona m'masukulu a kuno pafupifupi onse ndi a kaunjika, a Dell, HP ndi Lenovo omwe adatopa kale m'maofesi a ku Ulaya ndi ku America asanatsetsereke mapiri kubwera kuno. Zoonadi, Windows 11 sangailandire. Koma limenelo ndi lamulo la kampani yosamala za malonda ake, si lamulo la maphunziro a dziko la Malawi. Windows XP idasiyidwa mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndipo Windows 11 nayo tsiku lake lidzakwana. Kodi nthawi iliyonse kampani ya Microsoft ikatembenuza kalendala yake, ife tizikhoma zipinda ku East Bank?

Njira ina ilipo, ndipo siilipiritsa. Linux, yomwe imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows ndipo Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 akadali pasukulu ku Helsinki, ili ndi mitundu yambiri yaulere monga Debian, Linux Mint ndi Ubuntu, yomwe adaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Yonse imakwana m'flashi imodzi. Kompyuta ya memory ya 4 GB yomwe inkakwawa ndi Windows imathamanga nayo bwinobwino. Momwemo mumakhala LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, komanso Python, chimodzi mwa zilankhulo zomwe ophunzira ambiri padziko amayambira. Scratch, pulogalamu ya ku yunivesite ya MIT ku America, yomwe mwana amalumikiza timabokosi ta malamulo, imagwira popanda intaneti, ndipo Kiwix imasunga Wikipedia m'makina momwemo. Linux si mlendo kwa ife ayi. Ili mkati mwa foni iliyonse ya Android yomwe ili m'thumba lanu, mabwana.

Ndikufotokozereni zomwe ndimapeza ndikamasula masikuluu a kumbuyo kwa bokosi. Fumbi la m'chilimwe limakhala litamatirira pa fani mpaka kusiya kuzungulira, ndiye makina amayaka mphindi zochepa, kutentha, n'kudzizimitsa okha. Kabatire kozungulira ka CR2032, komwe kamasunga tsiku ndi nthawi, kamakhala katatha, makina n'kumaima pa uthenga wa Chingerezi wa zilembo zoyera pa sikirini yakuda. Aliyense amauopa uthengawo, chonsecho ukungopempha kuti munthu adine F1. Mavu amamanga tinyumba tawo tadothi m'mabowo olowetsamo zingwe. Khoswe amaluma chingwe cha kiyibodi. Mafuta a pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa amauma gwa. Onsewa ndi matenda a burashi, kabatire ka tsopano ndi ola limodzi. Akufa enieni aliponso, makamaka omwe adamira. Ukawatsegula umapeza mzere wa matope pomwe madzi adalekeza, ndi dzimbiri lobiriwira pa timiyendo ta zipangizo. Amenewo ndimanena chilungamo kuti adapita. Komabe mkati mwawo mumatsala memory, mafani ndi ma hard disk, ndipo kawirikawiri awiri akufa amadzutsa wachitatu.

Chachiwiri, msika wa makompyuta padziko wasintha, ndipo sukusinthira kuti utikomere. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa amene agula makina a masukulu athu akapanda kuzimvetsa atigulira zokongola zosakhalitsa.

M'zaka za m'ma 1980 makompyuta a m'nyumba monga Commodore 64, ZX Spectrum ndi BBC Micro ankati ukangowayatsa n'kukuonetsa kamzere kophethira, kudikira kuti uwalamule m'chilankhulo cha BASIC. Mwana wofuna masewera ankakopera mizere ya pulogalamu kuchokera m'magazini, kulakwitsa, kufufuza polakwika, kukonza. Akatswiri ambiri a ku Britain adayambira pomwepo. IBM PC ya mu 1981 inali bokosi lotsegulika, loti chipangizo chilichonse chimazulidwa n'kuikapo china, ndipo makampani ambiri adatengera kapangidwe kameneko. Makina a kaunjika omwe ali m'masukulu athu ndi zidzukulu za bokosi limenelo, n'chifukwa chake mmisiri wa pamsika ngati ine amatha kuwakonza.

Lero zinthu zidatembenuka. IBM yomweyo idagulitsa nthambi yake ya makompyuta kwa Lenovo mu 2005. Malonda a makompyuta adafika pachimake cha m'ma 2011, pomwe ankagulidwa opitirira 350 miliyoni pachaka, kenaka adatsika kwa zaka zingapo, pamene mafoni amakono amagulidwa opitirira 1 biliyoni chaka ndi chaka. Ndalama ili kufoni, ndiye kompyuta nayo yayamba kupangidwa ngati foni. Malaputopu ambiri atsopano ndi opyapyala, opepuka, osiririka, koma memory yake adaiwotcherera pabolodi ndipo batire adalimata ndi guluu. Kachinthu kamodzi kakapsa, umasintha bolodi yonse, zomwe kuno zikutanthauza kutaya. Windows 11 ya m'nyumba imafuna intaneti ndi akaunti tsiku loyamba lomwe. Laputopu ya Chromebook, yomwe masukulu a ku America amaikonda, idapangidwira kumene netiweki sidukaduka. Nanga mtengo? Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamwamba pa izo, kuyambira chakumapeto kwa 2025 mtengo wa memory wakwera padziko lonse chifukwa makampani a AI, makina oyankha ngati munthu, akukokota yochuluka. Ndiye mphunzitsi wamkulu akamakhoma makina oyaka podikira atsopano, akuiwala mawu a akulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kusinthaku kuli ndi mbali ina yotikomera tikachenjera. Chifukwa cha Windows 11, maofesi a kunja akutulutsa makina abwinobwino, olimba, okonzeka. Ambiri afika kuno ngati mphatso kapena kaunjika. Koma m'makontena momwemo mumalowanso zinyalala. Pasukulu ina bungwe lina lidabweretsa makompyuta, kunali mwambo, magule, zolankhulalankhula ndi kujambulitsa. Alendo atapita n'kutsegula makatoni, ena adapezeka opanda hard disk, ena mapulagi ake osalowa m'masoketi athu, ena okhomedwa ndi password ya kampani ya kunja yomwe palibe ankaidziwa. M'malipoti sukuluyo imawerengedwa kuti ili ndi labu.

Chachitatu, ndamvapo akuluakulu ena pamisonkhano akunena kuti ana a lero ali kale ndi kompyuta m'thumba. Mwaulemu ndikukana. Ana ambiri a kuno foni yomwe amagwira ndi ya bambo kapena ya achimwene, nthawi zambiri yamabatani, ndipo kusukulu ndi yoletsedwa. Ngakhale ikhale yamakono, foni idapangidwa kuti uzionera, kumvera, kutumiza uthenga ndi kugula bandulo ina. Yesani kulemba mizere 50 ya pulogalamu ndi zala ziwiri pa sikirini yosweka, kiyibodi itaphimba theka la zomwe mukulemba, mudzandiuza. Matabuleti a BEFIT m'masukulu a pulayimale ndikuwayamikira, akuthandiza ana kuwerenga ndi masamu. Koma pa tabuleti mwana amayankha zomwe makina amufunsa. Akafika kusekondale ayenera kuyamba kuwauza makinawo zochita, ndipo pamenepo mpamene akupeza chitseko chokhoma.

Vutoli anzathu adaliona kale. Aphunzitsi ena a ku yunivesite ya Cambridge ku Britain, mmodzi wa iwo Eben Upton, adazindikira kuti achinyamata ofunsira maphunziro a kompyuta akubwera odziwa kugwiritsa ntchito makina koma osadziwa kuwalamula, mosiyana ndi a m'badwo wa BBC Micro. Yankho lawo lidali Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja komwe kadatuluka mu 2012 pamtengo wa madola 35. Mu 2020 adatulutsa Raspberry Pi 400, yomwe kompyuta yonse ili mkati mwa kiyibodi. Sindikunena kuti tigule zimenezi basi. Nazo zimafuna sikirini yapadera ndipo kukatentha kwambiri zimachepetsa liwiro. Ndikungoonetsa kuti dziko lolemera litaona ana ake akubwerera m'mbuyo, lidathamangira ku makina otchipa, otsegulika, oti mwana sangaope kuwasokoneza. Ife tikulowera kwina.

Chachinayi ndi kaphunzitsidwe. M'masukulu angapo a kuno Computer Studies imaphunzitsidwa ndi choko. Mphunzitsi amajambula kiyibodi pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza kuti RAM ndi chiyani, ROM ndi chiyani. Kumeneko n'kuphunzitsa mwana kupalasa bwato ali pamtunda. Kumene makina akuyaka, ana ambiri amalekezera pa kutaipa kalata ndi kukongoletsa zilembo. Luso limenelo ndi lofunika, koma ndi chiyambi chabe.

Ndikuonetseni chomwe chimachitika mwana akakhala pa kiyibodi. Mtsikana wina wa Fomu 2 yemwe amabwera kwa ine adafuna kulemba pulogalamu ya Python yowerengera thonje la bambo ake: makilogalamu a m'thumba, kuchulukitsa ndi matumba, kenaka ndi mtengo, n'kuchotsa ngongole ya mbewu ndi mankhwala. Adalemba, n'kuyesa ndi thumba la makilogalamu 45, matumba 3. Makina adayankha kuti 454545. Anzake adafa nacho chiseko, ati bambo ake alemera. Iye adakwinya nkhope, kuwerenganso mzere uliwonse ndi chala, kusintha apa, kubwezera, kuyesanso. Sindidamuuze. Patapita nthawi adatulukira yekha kuti makina adatenga 45 uja ngati mawu, osati nambala, ndiye adangomulemba katatu motsatizana. Ataikapo int, lamulo losandutsa mawu kukhala nambala, yankho lidabwera 135. Madzulo amenewo adaphunzira kuti kompyuta imachita zomwe waiuza, osati zomwe umatanthauza, ndiponso kuti polakwika pamapezeka ukafufuza mwandondomeko. Zimenezi sizilowa m'mutu kudzera pabolodi, ndipo sizifuna makina a chaka chino. Kompyuta yomwe ankagwiritsa ntchito ndi yamsinkhu wake.

Aphunzitsi sindikuwaloza chala. Nthawi zambiri phunziroli amalisenzetsa wa masamu kapena wa Physics, atangopita kumaphunziro a masiku ochepa kuhotela. Amene walidziwa bwino sakhalitsa, poti kutentha kwa kuno, kusowa kwa nyumba ndi mwayi wa ntchito ku Blantyre zimamukoka. Aphunzitsi aakulu nawo ali ndi mantha omveka. Akudziwa kuti mausi imodzi ikasowa adzayankha kwa owerengera katundu wa boma, pamene chipinda chikakhala chokhoma chaka chonse palibe adzawafunse. Choncho makina amafunditsidwa nsalu, kiyi n'kukhala m'thumba la munthu mmodzi. Ndidafikapo pasukulu ina pomwe atsikana ankalowa m'labu Lachisanu lokha, kukasesa ndi kupukuta fumbi.

Chachisanu, zogula zambiri zimasankhidwa ndi anthu okhala m'maofesi ozizira, osaganizira komwe zikupita. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'kalasi ya malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Madzi adatimiza mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023. Madzi akabwera, sukulu zomwe sizidamire zimasanduka misasa ya anthu othawa. Komabe makompyuta amaikidwa pa madesiki aafupi, ena pansi penipeni, m'chipinda chilichonse chomwe chili ndi chitseko cholimba, ngakhale chikhale chakumunsi. Za magetsi ndiye zimapweteka mtima. Siteshoni ya Kapichira, ya mamegawati pafupifupi 130, ili m'boma la Chikwawa momwemuno, koma masukulu ambiri oyendera amangoona mawaya akudutsa. Namondwe Ana ataphwanya damu lake mu Januwale 2022, siteshoniyo idakhala chaka chathunthu ndi miyezi isanabwerere, ndipo tonse tikukumbukira mdima wake. Kompyuta ya padesiki yakale pamodzi ndi sikirini yake imatha kudya mawati 100 kapena kuposa, pamene Raspberry Pi 4 siipitirira mawati 15 ndipo laputopu ya kaunjika ili ndi batire lake. Pasukulu ya magetsi a ESCOM mabokosi akale apitirize kugwira ntchito. Pasukulu yodalira sola, kusiyana kwa mawatiku ndi komwe kumanena ngati ana akhala pa makina 3 kapena 20.

Mwina wina afunsa kuti mwana wa mlimi wa mapira ku Ngabu kapena wa msodzi wa ku Elephant Marsh akufuniranji kulemba mapulogalamu. Taonani zomwe zikumangidwa pakhomo pathu. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme ikuchokera ku Kapichira, cholinga chake kuthirira mahekitala opitirira 40,000. Madzi amenewo adzafunika kuyezedwa, kugawidwa ndi kulipiridwa. Makopaletivi adzafunika kaundula wa mamembala, wa zokolola ndi wa magawo a phindu, monga momwe alimi a nzimbe a Kasinthula ndi Phata alili nawo kale mabuku oti asungidwe. Machenjezo a madzi osefukira amadalira kuwerenga msinkhu wa Shire, Ruo ndi Mwanza n'kufikitsa uthenga m'mafoni nthawi ikadalipo. Zonsezi zili ndi wozilemba komanso wozikonza zikasokonekera. Pakadali pano munthu ameneyo amachokera kumtunda kapena kunja, kugona kuloji usiku umodzi, n'kubwerera. Tikapanda kusintha, ana athu adzakhala odula nzimbe ndi alonda a pageti m'minda ya makolo awo, a muofesi onse ali obwera. Masomphenya a Malawi 2063 omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021 sadanene kuti Chikwawa ndi Nsanje adikire kaye.

Kuti Amalawi angathe, umboni ulipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ku Kamuzu Central Hospital kudayamba ntchito yolembetsa odwala pa timakina tokhudza ndi chala, yomwe idakula n'kukhala Baobab Health Trust. Timakina toyambirirato tidali totchipa, topangidwira ntchito ina ku America n'kusinthidwa, ndipo mapulogalamu ake kwa zaka zambiri ankalembedwa ndi achinyamata a konkuno mpaka kufalikira m'zipatala zambiri. Adayamba ndi zomwe zidalipo.

Za AI nazo ndazimva. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, ena akuti kuphunzira kulemba mapulogalamu n'kutaya nthawi poti makina akulemba okha. Netiweki ikalola inenso ndimazigwiritsa ntchito, ndipo zimathandizadi. Koma zimalakwitsa mosaphethira n'komwe, ndipo woona kuti apa zanama ndi yekhayo amene adaphunzira. Pulogalamu ikadzalipira alimi ndalama zolakwika, sadzapita kukadandaula ku San Francisco, kwa eni ake a ChatGPT.

Tsono mabwana ndi madona, zopempha zathu ndi izi:

1. Unduna ulembere aphunzitsi aakulu onse kalata yomveka yoti kutha kwa Windows 10 si chifukwa chokhomera kapena kutayira kompyuta. Makina asachotsedwe m'mabuku asanatsegulidwe, kupukutidwa ndi kuyesedwa ndi Linux. Otheratu asungidwe kuti zipangizo zake zidzutse ena, ndipo zotsala zitayidwe mosamala, osati kuotchedwa kudzala komwe ana amasewera.

2. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje achite kalembera wa sekondale iliyonse n'kumata zotsatira pabolodi la kwa DC: makina alipo angati, akuyaka angati, magetsi alipo kapena ayi, wophunzitsa alipo kapena ayi, ndipo mwana amakhala pa kiyibodi maola angati pasabata. Tiziwerenga oyaka, osati operekedwa.

3. Unduna ndi MANEB anene poyera kuti sukulu yogwiritsa ntchito Linux ndi LibreOffice ingathe kulembetsa mayeso popanda ana ake kulangidwa. Aphunzitsi ambiri akuopa kusintha chifukwa cha mayeso, ndipo mantha amenewo angathe ndi chikalata chimodzi. Mafunso aziyesa luso, osati kuloweza malo a batani la kampani imodzi, ndipo kulemba kapulogalamu kakang'ono pa makina enieni kukhale ndi malikisi ake ooneka.

4. Pogulira masukulu a m'chigwa, kaya ndi ndalama za boma, za Universal Service Fund ya MACRA kapena za mabungwe, pakhale muyezo wa kuno: makina otsegulika ndi sikuludiraiva wamba, a memory ndi batire zosinthika, odya mawati ochepa, ogwira ntchito popanda intaneti. Sola ndi mabatire zibwere limodzi ndi makinawo, osati chaka chotsatira. Chipinda chikhale chapamtunda, cha mashelefu okwera ndi mawindo olowetsa mphepo. Mphatso iliyonse iyatsidwe ndi kuyesedwa ng'oma zisanalire.

5. Sukulu iliyonse yophunzitsa Computer Studies ikhale ndi aphunzitsi osachepera 2 odziwa kulemba mapulogalamu, kuti mmodzi akasamuka phunziro lisafe. Aphunzitsidwe patchuthi chathunthu, manja ali pa kiyibodi. MUST ili ku Thyolo ndipo MUBAS ili ku Blantyre, pamwamba pa mapiri pomwepa. Ndalama zomwe zimathera m'mahotela zingakwanire zimenezi, n'kutsalako za nyumba ndi za kumadera ovuta kuti aphunzitsiwo akhazikike.

6. Pakhale kandalama ka chaka ndi chaka kokonzetsera makina. Aphungu athu, thumba la CDF lingathandize pano, ngakhale kabatire ndi fani sizioneka pachithunzi monga mmene imaonekera nyumba yopaka penti. TEVETA iphunzitse achinyamata a m'dera kukonza makompyuta, kuti sukulu ya ku Marka kapena kwa Chapananga isamadikire mmisiri wa ku Limbe.

7. Zipinda zitsegulidwe masana akaweruka ndi Loweruka, pakhale makalabu, atsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi anyamata, ndipo achinyamata omwe adamaliza Fomu 4 aziloledwa kulowa motsatira ndondomeko ya komiti ya sukulu. Kiyibodi yotha zilembo chifukwa chogwiritsidwa ntchito isakhale mlandu wa mphunzitsi wamkulu. Wofunsidwa akhale amene makina ake adzapezeke atsopanotsopano patatha zaka 5.

Pempho loyambalo silifuna ngakhale tambala, ndipo lingatheke sabata yomwe ino. Tikupempha yankho la poyera, pa wailesi za m'madera athu kapena pamsonkhano wa khonsolo, teremu ino isanathe.

Kwa inu makolo ndi a makomiti omwe mwawerenga nawo, tumizirani anzanu kalatayi, ndipo pamsonkhano wa PTA ukubwerawu mukafunse kuti makompyuta oyaka alipo angati pasukulu panu, kiyi amasunga ndani, ndipo mwana wanu adakhalapo liti komaliza.

Ine wanu mwaulemu,
Mmisiri wa mafoni ndi makompyuta,
M'chigwa cha Shire